Zilonda za M'mimba za Kalipentala

Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo m'banja la kalipentala uja mutu waukulu unali mwana wake woyamba, mayi wosoka makatani amene aliyense ankangomutchula kuti Achemwali. Ndiye ankaperekeza bambo ake kwa dokotala woyamba, wothamanga uja ngati wasiya mphika pamoto, amene ankangowadina pamimba, n'kunena kuti ndi zilonda za m'mimba, n'kuwapatsa mapiritsi omwewomwewo. Ndiyenso anaitanidwira pambali kuchipatala china, zinthu zitafika poipa, n'kuuzidwa kuti ndi khansa ndipo yafalikira kale. Ikanapezeka msanga, opaleshoni ikanatheka.

Abale atakhala pansi anamanga mfundo imodzi: munthu wamkulu sauzidwa zoterezi, angataye mtima. Choncho kwa bambowo matenda anakhalabe zilonda za m'mimba. Achemwali ankachotsa mankhwala m'timabokosi take n'kuwathira m'botolo lopanda dzina. Bambo ankamwa mokhulupirika, n'kutuluka kukapala matabwa, thalauza atalimanga ndi lamba woboola mabowo atsopano ndi msomali.

Zosumira dokotala anayambitsa ndi mlongo wake, munthu wolimba mtima kwambiri pa foni. Koma wokwera masitepe a ofesi ya loya, pamwamba pa sitolo ya utoto, anali Achemwali yemweyo.

"Mlanduwu ndi wooneka," anatero loya, mayi wa maso otopa ngati ake. "Koma wodandaula ndi bambo anu. Ali moyo, mutu wawo ukugwira. Afotokoze okha, asayine okha."

"Sitingangolemba kuti matenda basi? Iwotu sadziwa."

"Sindisayinitsa munthu chinthu chimene sakuchidziwa, mayi. Kawauzeni."

Achemwali sanawauze. Ankati akafika pakhomo la shedi yopaliramo matabwa, n'kuwaona akuyeza thabwa diso limodzi atatsinzina, ankangobwerera m'nyumba. Anali atatopa, kutopa kosatha ndi kugona komwe. Tsiku lopangana ndi loya litakwana, anangowauza kuti akukadandaula za dokotala uja, kuti anawachedwetsa kuchira.

Bambo anafika pamwamba ali wefuwefu. Atapezako mpweya anagwedeza tebulo la loya ndi dzanja, n'kupukusa mutu.

"Anakukhomerani ndani ili? Ndikachira ndidzakukonzerani, mwendo uwu ndi wabodza."

Loya sanaseke. Anayang'ana Achemwali, naye n'kuyang'ana pansi. Loya anaika cholembera patebulo.

"Bambo," Achemwali anayamba. "Si zilonda ayi. Ndi khansa. Inachedwa kupezeka, ndiye madokotala akuti kuichotsa sikungatheke."

Kalipentala anasisita m'mphepete mwa tebulo ndi chala chachikulu, monga ankachitira pofufuza pokhakhala.

"Wamva liti zimenezi?"

"Kalekale, bambo."

"Ndisanagule matabwa a kabati aja?"

"Musanagule."

"Mlongo wakonso akudziwa? Azakhali ako?"

"Tonse. Tinkaopa kuti mungataye mtima."

"Ndiye chifukwa chake aliyense akumandisekerera masiku ano. Ine n'kumati ana anga aphunzira ulemu."

Anayesa kuseka koma chinatuluka ndi chifuwa. Achemwali anamva chisoni chosakanikirana ndi manyazi, ndiponso mkwiyo, poti pa anthu onse amene anagwirizana zija, pampando wotenthawo anakhalapo yekha.

Loya anafotokoza pang'onopang'ono: kuti khoti lidzafuna kumva zimene ankauza dokotala, zimene dokotala ankayankha, ndi chimene kuchedwako kunawalanda. Anawachenjezanso kuti milandu yotere siithamanga.

"Ndiye kuti chigamulo chidzandipeza nditapita."

"Zikhoza kutheka, bambo."

"Inu ndiye mwandiyankha ngati munthu." Anakoka pepala la dandaulo, nasayina. "Lembani kuti anandilanda nthawi. Ndili ndi mng'ono wanga kutali, tinayambana, sitilankhulana. Ndakhala ndikuti ndikachira ndidzapita ndekha, asandione ndili mafupa okhaokha. Pano ngakhale basi sindingaipirire."

Kenaka anatembenukira kwa mwana wake, osakweza mawu n'komwe.

"Dokotala uja ankati zilonda chifukwa sankadziwa, ndipo tamusumira. Iwe unkati zilonda ukudziwa, mwanawe. Miyezi imene inapita kwa iweyo ndikaidandaule kuti?"