Maliro Salowa M'buku

Anthu olemba mabuku a ana koma osaberekapo mwana kumsana ndinawaonera ku Mua, pamsonkhano wa alembi. Anabwera pa galimoto zozizira kuchokera ku Lilongwe, botolo la madzi kumanja, foni kumanzere, kudzatiuza ife akumudzi mmene mwana amaganizira. Ha! Ine Edina, amene ndaphikira phala ana a mkombaphala ku Golomoti mpaka imvi kutuluka, ndikaphunzire za mwana kwa munthu woopa mamina?

Koma ndinapita ndithu. Anati pa nkhani zimene tibweretse asankhapo imodzi, aisindikiza ndi zithunzi, n'kuigawa m'masukulu. Yanga inali ya kamtsikana kotchedwa Maliro, kamene kanapulumutsa mpunga wa ku Bwanje kwa mpheta ndi nyimbo komanso zitini zomangirira pachingwe.

Maliro ndi mwana wanga. Nditaika ana awiri motsatizana asanayambe n'kukwawa komwe, wachitatuyu ndinamupatsa dzina loti imfa ikalimva iganize kuti pano inafika kale, ipitirire. Inapitiriradi. Koma anzake kusukulu samupitirira. Akangolowa m'kalasi amayambitsa nyimbo ya pamaliro, ena kumadziliritsa dala. Ndiye ndinati dzina limeneli likhale pachikuto cha buku, aphunzitsi aliwerenge mokweza, tione amene adzasekenso.

M'mawa wonse tinauthera kuwomba m'manja. Wina akaimirira, m'manja. Akakhala pansi, m'manja. Mayi wina wa zikhadabo zopenta, Anastasia, anatigawira timapepala tomata pakhoma kuti tilembepo mantha athu. Ine mantha anga anali akuti minibasi yomaliza indisiya. Mkulu wawo, a Harrison, ankayamba chiganizo m'Chichewa n'kukamalizira m'Chingerezi, kaya Chichewacho chimawaotcha lilime. Anatiuza katatu konse kuti mwana ndi duwa. Duwa limaba shuga?

Alembi anzanga nawonso, mayo ine! Woyamba anawerenga nkhani ya mwana wosamba m'manja ndi sopo. Wachiwiri, ya mwana wosamba m'manja ndi sopo kenako n'kukagona m'neti. Zimenezo mukawerengere ana anga a mkombaphala, muone ngati sakugendani ndi zisononkho.

Itafika nthawi yanga ndinawerenga monga ndimachitira kwathu, kulira kwa mpheta ndikukuyeserera, zitini ndikuziliza ndi pakamwa. Holo yonse inati zii. Ngakhale Anastasia anaika foni pansi.

Titadya, a Harrison anandiitanira pambali, pansi pa mtengo wa mango.

"Mayi, nkhani yanu ndiyo yapambana," anatero. "Kungoti dzinali. Otithandiza akunja akafunsa tanthauzo lake tidzati chiyani? Tiikepo Chimwemwe."

"Dzinalo lili ndi mwini wake, bambo."

"Eya, koma ana amafuna zosangalatsa."

"Mwini wakeyo ndi mwana. Ali sitandade folo, amadya, amasewera fulaye."

Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti mwanayo ali pa bedi kuchipatala. "Pepani kwambiri. Ndiye mumamuitana choncho tsiku ndi tsiku?"

Apo magazi anawira. Pepani wa chiyani? Munthu wamkulu, Mchewa mnzanga, mwina agogo ake omwe anali a Manda kapena a Tsoka, lero akunjenjemera ndi dzina poopa azungu amene sangathe n'kulitchula komwe!

"Bambo," ndinatero, "dzina limeneli linagwira ntchito imene inu ndi mabotolo anu a madzi simungaigwire. Sindichotsa ngakhale chilembo chimodzi."

Ndinalanda mapepala anga m'manja mwawo. Bukulo analipereka kwa woyamba wa sopo uja, anthu n'kuwomba m'manja. Aziwomba, manja ndi awo.

M'minibasi ndinakhala mutu uli m'mwamba, moti kondakitala atandipanikiza ndi dengu la usipa sindinadandaule. Ndinkangobwereza mawu anga aja mumtima, akundikomera.

Maliro ndinamupeza kuseri akutsuka mbale. Ndinamufotokozera zonse, ndikuyeserera kayendedwe ka a Harrison ndi Chichewa chawo chotsimphina. Ndinadikira kuti aseke. Sanaseke.

"Ndiye bukulo kulibe, amayi?"

"Kulibe. Ankafuna akutche Chimwemwe, tangoganiza! Ndawauza kuti mwana wanga sasinthidwa dzina ngati galu wogula."

Anapukuta manja pa diresi, maso ali pa mbale.

"Mukanalola, amayi," anatero chapansipansi. "Ndikanakhalako Chimwemwe, ngakhale m'buku momwemo."

Anatola mbale ina n'kupitiriza kutsuka.