Chimbale cha Apongozi

Chimbale chitakanirira m'kabokosi kolumikiza ku kompyuta, Zuwena anayesa kuchitulutsa. Chinali cha apongozi ake, Bi Mwantumu, chokhacho chosunga mawu a malemu amuna awo, ndipo iye anachitenga osapempha.

Anadina batani kasanu. Kabokosiko kanangolira, osatseguka.

"Ndikanule ndi mpeni?" anafunsa mlamu wake Rukia.

"Iwe, ukachikanda tikathawira kuti? Chotsa dzanja!"

Panja panamveka mapazi a apongozi akuchokera kumsika wa Ngamiani. Zuwena anazula phini pampango wake n'kumulowetsa m'kabowo kapatsogolo. Kathireyi kanatuluka, mpango n'kugwa pansi.

Bi Mwantumu anaima pakhomo, maso ali pachimbalecho.

"Bwezeramo, mwanangu," anatero motsitsa mawu. "Zaka zitatu ndakhala ndikuopa kuwamva amuna anga ndekha."