Wailesi ya Manambala Ofiira

Tsiku langa limayamba folo koloko m'mawa. Kutereka madzi, kunyika matewera, kusesa, kuphika phala la mwana, kumusambitsa, kumubereka mpaka kwa akulu anga, kuthamangira basi, kuti sikisi ikamakwana ndikhale nditamanga kale epuloni m'chipinda chochapira cha ku hotela. Kumeneko ndi mashiti ndi matawulo, matawulo ndi mashiti, mpaka dzuwa kupendeka. Madzulo kukatenga mwana, kuchapa matewera aja, kuphika, kutsuka mbale. Zonsezi zimayenda ndikadzuka folo. Ndikangoiphonya, tsiku lonse limagumuka.

Kale inkandidzutsa ndi foni. Koma mwana wanga, yemwe timamutcha Nyerere chifukwa shuga sumubisira, anaiponya m'ndowa ya matewera. Sabata imeneyo ndinachedwa kawiri. Akapitawo athu, mayi oyenda ndi makiyi m'chiuno, anandiitanira kuseri kwa makina oumitsira.

"Mayi a Nyerere, kawiri ndakhululuka. Kachitatu musadzavutike n'kukwera basi. Pageti pali atsikana khumi akuyang'ana epuloni yanuyo."

Bambo a Nyerere amayendetsa galimoto ya katundu, amatha masabata awiri ali pamsewu, ndiye wondigwedeza panalibe. Loweruka nditaweruka ndinapita kwa bambo wina wogulitsa zamagetsi zakale.

"Ndikufuna wotchi yolira, basi."

"Wotchi yokha, mayi? Taonani ichi. Wotchi, wailesi, choimbira sidi. Antchito atatu, malipiro a mmodzi."

"Sidi ndilibe ine. Ndizikaikamo chiyani, mbale?"

"Ilimo kale imodzi, mwini wake wakale anaiwala. Imeneyo ndi basela."

Chinali chakuda, chachikulu ngati buledi, chong'aluka pakona. Ndinachiika pampando kumutu kwa bedi.

Ubwino wake ndisabise. Manambala ake ndi ofiira, amawala okha, moti sindinkafunikanso kufwanthula machesi kuti ndidziwe nthawi. Wailesi inkandiuza ngati kugwa mvula, kuti ndidziwe koyanika matewera. Pansi pake pali kabatire kosunga nthawi magetsi akazima. Pamwamba pali batani lalikulu, ukalidina chimakhala chete mphindi zisanu ndi zinayi kenako n'kuyambiranso. Batani limenelo ndinkaliyesa laulemu. Sindinadziwe kuti ndi wakuba.

Kuipa kwake kunaoneka Lolemba. Belu lake silidzutsa munthu mmodzi, limadzutsa mdadada wonse. Nyerere anadzidzimuka n'kuyamba kukuwa, aneba anamenya khoma.

"Mayi a Nyerere! Mwagula ambulansi?"

Ntchito zonse ndinagwira ndi dzanja limodzi, lina litanyamula mwana. Basi ndinaipeza ikunyamuka.

Madzulo ake ndinaona kuti pambali pali kosunthira: belu, wailesi, sidi. Ndinayesa sidi ija pang'ono chabe. Sinali nyimbo. Anali mawu a mayi wina, odekha, akuyankhula. Ndinazimitsa, n'kuganiza kuti zatheka. Munthu wachilendo akayankhula m'chipinda mwanga, ndingagone ine? Ndidzuka, mwana sadzuka. Ndinasunthira pa sidi.

Lachiwiri m'mawa mawu aja anabwera. Sanalowere kukhutu, analowera kumaloto.

"Tsegulani mabuku anu. Lero tiphunzira za mitambo."

Ndinapezeka ndili pa desiki yanga ija ya pafupi ndi windo, yomwe ndinaisiya chaka chimene mimba ya Nyerere inayamba kuonekera. Yunifolomu inkandikwana bwinobwino. Fumbi la choko linkayandama m'kuwala kwa dzuwa, osagwa pansi. Aphunzitsi sindinkawaona nkhope, ndinkangomva mawu. Ankati madzi a m'nyanja ndi m'mitsinje amakwera kumwamba osaoneka, ngati nthunzi ya paketulo, akafika kozizira n'kugwirana manja. Ndiye mitambo inayamba kulowa pawindo, yoyera, yosita kale, yopinda m'makona ngati mashiti a ku hotela. Inkadutsa pamwamba pa mitu yathu pang'onopang'ono, ikununkhira sopo.

"Ndani angatiuze chifukwa chake mtambo sugwa?"

Ndinkadziwa yankho. M'malotomo ndinkalidziwa ndithu. Ndinakweza dzanja. Dzanjalo linakatsikira pa batani lalikulu lija, m'kalasi munangoti zii. Tinakhala chete tonse, mitambo ili m'malere, kudikira. Patapita mphindi zisanu ndi zinayi: "Tsegulani mabuku anu."

Tsiku limenelo ndinadzuka folo itapitirira ndi mphindi makumi awiri. Ndinasiya kusesa, basi ndinaipeza. Lachitatu ndinasiya kusesa ndi matewera omwe. Ndinadziwa kuti ndikusewera ndi moto, koma madzulo dzanja linkafika pa kosunthira paja n'kubwerera. Tsiku lonse ndikamakoka mashiti m'makina ndinkangoganiza za desiki ija. Zaka zitatu palibe anandifunsapo funso lomwe yankho lake si "ndachapa" kapena "ndaphika".

Lachinayi aphunzitsi anafika patali. Anafotokoza za mitambo yonga nthenga, yokhala pamwamba penipeni, ndi ina yolemera, yamimba zakuda. Denga la kalasi linachoka. Madesiki anayamba kuyandama, ine ndi anzanga tikupalasa ndi marula. Nyerere anali pambali panga, wamkulu, atavala yunifolomu, akundibwereka pensulo. Ndinakweza dzanja, ndinakwezanso, ndinakwezanso. Nthawi zonse aphunzitsi ankangotsala pang'ono kunditchula.

Anandidzutsa ndi Nyerere weniweni, akundimenya ndi supuni pamphuno. Pawindo panali patayera. Manambala ofiira ankati 5:31.

Sindinatereke madzi. Mwana ndinamubereka ndi thewera lake lomwelo, n'kukamutula pakhomo pa akulu anga.

"Iwe, mwanayu wadya?"

"Mumupatse chilichonse, akulu, ndafa ine!"

Basi inali itapita. Ndinaimitsa takisi, chinthu chomwe sindinachitepo chiyambire ntchito. Ndinalowa m'chipinda chochapira sikisi itapitirira ndi mphindi zisanu ndi ziwiri. Makina anali akuzungulira kale. Akapitawo anayang'ana wotchi ya pakhoma, anayang'ana mapazi anga. Phazi lina linali ndi patapata, lina linalibe kanthu.

"Munali kuti?"

Bodza ndinali nalo, la mwana kudwala. Koma kunamizira mwana matenda sindimafuna.

"Ndinali m'kalasi, amayi."

Anzanga anaphulika kuseka. Ine ndinafotokoza zonse, za foni, za belu, za sidi, za batani. Akapitawo sanaseke. Ankangosewera ndi makiyi awo.

"Ndiye mtambowo sugwa chifukwa chiyani?"

"Sindikudziwa, amayi. Ndikadzuka yankho limathawa."

Anatenga epuloni yanga pamsomali n'kundiponyera.

"Lero mugwira, koma simulipidwa. Ndipo aphunzitsi anuwo muwauze kuti sukulu yawo iziyamba mukaweruka. Mawa mukachedwa ndi mphindi imodzi, mukawapemphe iwowo ntchito."

Madzulo amenewo ndinabwezera pa belu. Wailesi ndinaichotsa kumutu kwa bedi, ndinaiika pamwamba pa kabati, pomwe dzanja silifika ndisanaimirire. Ndinaikulunga thawulo kuti isamakuwe kwambiri, n'kusiya kampata ka manambala. Nyerere amadzukabe masiku ena, aneba anazolowera.

Sidi ija ndimaimvera Lamlungu masana ndikusita, maso ali gwa. Ili ndi maphunziro asanu ndi limodzi: mitambo, mvula, mphepo, mitsinje, nthaka, nyenyezi. Ndimalemba m'kope lomwe linali la mndandanda wa zogula. Koma inakalika pamalo amodzi. Aphunzitsi akangoti "mtambo sugwa chifukwa", imadumpha n'kukagwera pa mvula. Ndinaipukuta ndi nsalu yofewa, ndinaiuzira mpweya, osatheka. Bambo a Nyerere atabwera ndinawafunsa, iwo anati mitambo inamangidwa ndi zingwe, nditaye nthawi ndi zina.

Zonse pamodzi zinandidyera izi: wailesi, malipiro a masiku anayi. Kabatire katsopano, theka la tsiku. Takisi, tsiku limodzi ndi theka. Lachinayi logwira ulere, tsiku limodzi. Thawulo limodzi lomwe silipukutanso munthu. Patapata mmodzi, amene anatsalira mu takisi. Ndi kalasi ija ya pawindo, yomwe chiikireni belu sindinailotenso.