Ng'oma Yopanda Eolssu

Chaka chimene ndinkapita kumigodi ya malasha ku Germany, Bun-rye, woimba amene ndinkamuombera ng'oma, anandilonjeza pasiteshoni ya sitima kwathu ku Namwon: "Achimwene, tsiku limene ndidzaimbe pansori yathunthu, nthano yonse m'nyimbo, maola asanu osapuma, ng'oma mudzaomba ndinu. Wina ayi."

Ndinabwerako patapita zaka makumi atatu ndi zinayi, kutatsala sabata imodzi kuti tsikulo, Loweruka, lifike. Pamsika pamene tinkayala mphasa n'kumaimba ndinapezapo holo ya magalasi, mipando yake ya manambala. Ndinaizungulira kawiri, ndinalowa, ndinatuluka. Chonsecho pansori sifuna zambiri: mphasa, woimba ndi chokupizira chake, woomba ng'oma, ndi anthu a pakamwa pamoyo.

Kunyumba kwake Bun-rye anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mwafota ngati kabichi wa mumtsuko wa chaka chatha."

"Iwe nanga? Mawu ako ngati chitseko cha dzimbiri."

"Ndiye kupsa kwake kumeneko. Khalani pansi, tiyeserere."

Sindinkaopa. Zaka zonsezo ndinkamenya tebulo ndi kamtengo, manja sanaiwale. Iye anatambasula chokupizira nayamba gawo la mayi amene akutsanzika mwana wake. Ine ndinkamutsata bwinobwino. Pakatikati anangoleka.

"Mwamwalira kodi?"

"Ndaphonya pati? Sindinaphonye."

"Eolssu wanu ali kuti? Ndikukhala ngati ndikuimbira m'chitsime!"

Woimba akamakoka mpweya, wang'oma amafuula eolssu, kumupatsa popondera kuti akwere mawu otsatira. Mwana aliyense wa ku Namwon amadziwa zimenezi. Koma ine ndinakhala zaka zambiri m'maholo a nyimbo a ku Essen, ku Germany kuja, kumene kutsokomola ndi mlandu, ndikudzitama kuti ndaphunzira kumvetsera.

Tinayambanso. Ndinkadikira mpata ngati munthu wofuna kuwoloka msewu. Nditafuula, eolssu wanga anagwera pamwamba pa liwu lake n'kuliphwanya. Ndinasuntha ng'oma, ndinasintha kakhalidwe, ndinapempha madzi.

"Ng'omayo yalakwanji? Kachitatu, achimwene."

Ulendo uno sanaime. Anaimba mpaka mayi uja atasowa kuseri kwa phiri, mawu atang'ambika mmene ankawafunira mphunzitsi wathu. Tsitsi linandiima. Ndinazindikira nditaika kamtengo pansi, ndikuomba m'manja.

Bun-rye anapinda chokupizira pang'onopang'ono.

"Mwandiombera m'manja. M'nyumba mwanga, ngati mlendo wogula tikiti."

"Ndipatse masiku atatu. Zibwerera."

"Zaka zanga n'zingati, mukudziwa? Mmero uwu uli ndi Loweruka limodzi lokha." Ananyamuka, mawondo akulira. "Idyani, supu yazizira."

Ndinadya mpunga ndi supu ya nsomba.

Loweruka Bun-rye anaimba maola asanu ndi theka. Ng'oma anaomba Mayi Seo a kukoleji. Ine ndinali mumzere wachitatu, mpando nambala khumi ndi zinayi.