Msozi wa Nkhanga Uli ndi Mayina Ena

1.
Nyemba.

Osati nanyati, osati zofiira zija amaunjika pamsika wa Chiringa. Mayi Elube Namakhwa ankafuna mtundu umodzi wokha: yophwatalala ngati chikhadabo cha chala chachikulu, yoyera, yamadontho akuda mbali imodzi. Kwawo, m'munsi mwa phiri la Michesi, ankaitcha msozi wa nkhanga. Inkayanga pampanda, ndipo ukaibzala kamodzi inkaphukanso yokha dzinja lililonse.

Kwawoko kulibenso.

2.
Napolo anatsika m'mawa, Elube ali kuchigayo kutsidya la mtsinje, ndipo choyamba chinali phokoso, phiri kubangula ngati khola lonse la ng'ombe, kenako madzi, kenako matope, kenako miyala ikuluikulu ngati nyumba ikugubuduzika ngati malalanje otayika m'dengu, ndipo zonse zinapita, nthochi, mbuzi, malata, nkhokwe, tchalitchi ndi belu lake, anthu amene anathawa mochedwa ndi amene sanathawe n'komwe, ndipo mvula itakata pamene panali mudzi panali bwalo la miyala yotuwa lotambalala mpaka kumsewu, lopanda ngakhale chitsa choti munthu n'kuloza kuti apa ndi pamene ndinkatsukira mbale

3.
Opulumuka anapatsidwa malo atsopano kuchigwa. Anapatsidwa makasu ndi mbewu ya chimanga ya m'mapepala. Elube analima ngati anzake, koma tsiku lililonse la msika ankanyamuka.

Migowi. Chiringa. Limbuli.

Muli ndi msozi wa nkhanga?
Msozi wa chiyani, mayi?
Wa nkhanga.
Nkhanga imalira misozi? Gulani izi, n'zofewa msanga.

Anzake ankanong'onezana kuti mayiyu mutu wayamba kuzungulira. Munthu wataya zonse, n'kumalirira ndiwo?

4.
Woyandikana naye nyumba anali Mayi Fanesi Khomba, mphunzitsi wopuma ntchito, mwini foni yaikulu yosweka pakona. Netiweki inkagwira pachulu pokha, choncho anakwera naye pachulu.

Achemwali, anatero Fanesi, pali tsamba lina pa intaneti lotchedwa Ukonde wa Mbewu. Alimi amalembapo okha zimene akudziwa. Amene sadziwa kulemba amangolankhula.
Ndiye ndilankhule mbiri yanga yonse? anafunsa Elube.
Ayi. Makinawa samva nkhani yaitali. Amamva mawu okhala patatu ngati mafuwa: chinthu, ubale wake, chinthu china. Mukatero amasunga, n'kumangiriza mawu anu ku mawu a munthu wina amene simunamuonepo.
Amangiriza ndi chiyani?
Ndi dzina. Dzina likakumana ndi dzina, mfundo yamangika.

Elube anayang'ana foniyo nthawi yaitali. Kenako anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, ngati akukalankhula ndi mlendo wolemekezeka.

5.
Msozi wa nkhanga, ndi mtundu wa, nyemba zoyanga.
Msozi wa nkhanga, uli ndi, madontho akuda mbali imodzi.
Msozi wa nkhanga, unkamera ku, Michesi.
Msozi wa nkhanga, akuufuna, Elube Namakhwa.

Basi? anafunsa Fanesi.
Basi.

6.
Patapita masabata, foni inalira. Munthu wina wa ku Kasungu anali atalemba kuti msozi wa nkhanga ndi chimodzimodzi ndi nzama zamawanga. Makina anakhulupirira, n'kuyamba kutchula misika yonse kumene kuli nzama.

Elube atamva anaseka kwa nthawi yoyamba chichokereni kuphiri. Nzama? Nzama inayamba liti kukwera mpanda?

Koma asanayankhe, ena anali atamuyankhira kale. Mayi wina wa ku Dedza: nzama zimabereka pansi, bambo. Mlangizi wina wa ku Balaka anatumiza chithunzi. Wina anangolemba kuti bodza ili. Wa ku Kasungu uja anapepesa, mfundo yake inamasulidwa.

Anthu onsewa akundidziwa? anafunsa Elube.
Sakukudziwani.
Nanga akukanganiranji nyemba yanga?

Fanesi anabweza foni m'thumba.

7.
Iwe amene uli ku Milanje, kutsidya kwa malire, wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango, sukudziwa kuti kuli Elube. Mlamu wako wakuonetsa tsambali ndipo waona dzina limene mayi ako ankatchula. Ukulankhula m'foni Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe, manja ali girizi yekhayekha: imeneyo kwathu kuno timati kamikanda, koma inatha kalekale.

Wabwerera ku tcheni cha njinga. Waiwala.

Msozi wa nkhanga, ndi chimodzimodzi ndi, kamikanda.

Iwenso sisitere wokalamba wa ku Neno, amene unalemba zako chaka chatha napolo asanatsike, pofuna kungosunga mayina amene ana a masiku ano sawadziwa.

Kamikanda, ndi chimodzimodzi ndi, namadontho.

8.
Fanesi anabwera akuthamanga kumunda, mpango uli m'manja.

Achemwali, siyani khasu!

Pachulu anamuwerengera pang'onopang'ono. Wa ku Milanje ananena chakuti. Wa ku Neno ananena chakuti. Ndipo kumsika wa Lizulu, mayi wina wogulitsa mbatata ya kachewere, aNagama, analemba kalekale kuti namadontho ali naye kuseri kwa bafa. Pansi pa zonsezo panali mzere wina umene panalibe dzina la munthu.

Msozi wa nkhanga, uli kwa, aNagama, Lizulu.

Uwu walemba ndani? anafunsa Elube.
Palibe.
Palibe bwanji?
Makina aphatikiza okha. Ichi chikakhala chimodzimodzi ndi icho, icho chimodzimodzi ndi chija, ndiye kuti ichi ndi chija.

Elube anakhala pansi pachulu pomwepo. Anthu atatu, osadziwana, osafunsana, aliyense ataponya kamawu kake m'mwamba n'kuchokapo, ndipo timawuto tinakapezana tokha kwinakwake kumene kulibe msewu. Anayang'ana kumwamba ngati angaone ulusi wake. Kunali akabawi okha akuzungulira.

Chithunzi chimene aNagama anaikapo chinatseguka mochedwa, kuyambira pamwamba. Chikhatho cha munthu. Mizere ya chikhatho. Kenako nyemba, zoyera, zamadontho akuda mbali imodzi.

Ndi yomweyo, ananong'ona.

9.
Mawu a aNagama pafoni anali aakulu, a munthu wozolowera kuitanira malonda.

Inu mayi, zimenezi ife timangodyetsa ana! Anabwera nazo apongozi anga kuchokera kumwera komweko. Mukufuna zochuluka bwanji?
Zodzaza dzanja.
Dzanja lokha? Simudya kodi?
Si zodya, mayi.

ANagama sanafunsenso.

Nyembazo zinayenda m'botolo la mankhwala a chifuwa, lotsekedwa ndi chitsononkho. Dalaivala wa lole ya kabichi anazifikitsa ku Limbe. Namwino wina wobwerera kuntchito, amenenso anaona nkhaniyi patsamba lija, anazitenga m'chikwama mpaka ku Migowi. Wa kabaza anamaliza. Aliyense polandira ankaliyang'anitsa botololo padzuwa, n'kufunsa kuti kodi ndi zimene zija?

10.
Mvula yoyamba itagwa, Fanesi anaganiza kuti akabzala kuseri kwa nyumba yatsopano. Koma Elube anati, tiyeni mundiperekeze, ndipo anayenda mpaka dzuwa kufika pamutu, kubwerera kuphiri.

Miyala inali pomwepo. Udzu unali utayamba kumera m'mipata. Elube anayenda uku ndi uku, akuyang'ana nsonga ya phiri, akuyang'ana kumene kunali mtsinje, mpaka anaima pambali pa mwala wina wotalika kuposa iyeyo.

Ndi pano, kapena pafupi ndi pano.

Anagwada n'kuyamba kufukula dothi ndi manja.

Tsiku lija ndinamusiya akumanga nthambi za nyemba imeneyi pampanda, anatero osatembenuka. Mwana wanga Mafuno. Ndi iye ankaisamala. Anali ndi pakati, mwezi wake unali womwewo. Anakumba asilikali, anabwera ndi agalu, sanamupeze. Ena ali ndi manda oti n'kukasesa, achemwali. Ine ndilibe. Mtanda pano ugwa, maluwa auma. Koma iyi ikagwira, imabwerera yokha chaka ndi chaka, ngakhale ine nditapita.

Anaika nyembazo imodziimodzi m'munsi mwa mwalawo, kuti zikamera zipeze pokwera.

Pamwamba pa mwala netiweki inkagwira. Elube anapempha kuti awonjezere mawu amodzi, anthu aja adziwe kumene mbewu yawo yafika. Fanesi anakwera, nalemba monga anauzidwira.

Msozi wa nkhanga, wabzalidwa pa, Mafuno.

Foni inaima kaye. Kenako inatulutsa funso, ndipo Fanesi analiwerenga mokweza.

Akuti dzinali salidziwa. Akufunsa kuti Mafuno ndi munthu kapena ndi malo.

Elube anasasa dothi m'manja. Anayang'ana bwalo lonse la miyala, mpaka kumene linathera.

Auzeni kuti zonse ziwiri.