Mphepo ya a Mlembi

Chaka chilichonse, nyengo yotentha ikafika pachimake, mabanja atatu ankakwera sitima yoyenda m'mbali mwa gombe, n'kukatsika pa doko laling'ono pamene mtsinje umathira m'nyanja. Pamenepo ankabwereka mabwato atatu, banja lililonse lake, ndipo ankapalasa masiku awiri kukwera mtsinjewo, n'kugona m'matenti usiku umodzi. Amene ankakonza zonsezi anali bambo wina amene anapuma pa ntchito yoyeza malo. Anzawo ankangowatchula kuti a Mlembi, chifukwa mapu, ndandanda ya sitima ndi kope la malamulo a gululo zinkakhala m'kabati mwawo, ndipo panalibe wololedwa kuzikhudza ndi manja onyowa.

Bwato la anthu awiri lili ndi dongosolo lake. Wakutsogolo amawerenga madzi, amachenjeza za miyala ndi zitsa, ndipo sacheuka. Wakumbuyo ndiye amawongola. Iye njira saiona bwino. Chimene amaona tsiku lonse ndi msana wa mnzake, khosi lake, ndi mmene mapewa akugwirira ntchito. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi a Mlembi anakhala kumbuyo kwa akazi awo. Ankadziwa kuti mayiwo akatopa amapendeketsa mutu kumanzere, ndiponso kuti thukuta limayambira pa kachipsera ka kuseri kwa khutu. Mumtima mwawo, zimenezi sizinali zoti mwamuna wina azidziwe.

Chaka chimenecho zinthu ziwiri zinasokoneza dongosolo. Dokotala wa mano, mmodzi wa m'gululo, amene onse ankawatchula kuti a Chizula, anaferedwa akazi awo. Kenaka a Mlembi anawachita opaleshoni ya phewa lakumanja, ndipo achipatala anawaletsa kugwira nkhafi chaka chathunthu.

Msonkhano wokonza ulendo unachitika Lamlungu masana, pa balaza pa a Mlembi. Mapu anali atayalidwa pa tebulo, makapu a tiyi atatsindira ngodya zake. Panali mayi a m'nyumbamo, a Chizula, mlamu wa a Mlembi amene anali mng'ono wa akazi awo, ndi mwamuna wa mlamuyo, munthu amene ankatha kukhala msonkhano wonse osatulutsa liwu.

"Masamu ake ndi osavuta," anatero mlamuyo akutakasa tiyi. "Achemwali alibe wowawongolera, a Chizula alibe wowaonera njira. Aphatikizeni basi."

"Anthu si manambala, mlamu."

"Mukutero ndinu lero? Inu amene munabwera ndi tepi kudzayeza ngati chithunzi chathu cha ukwati chinapachikidwa mowongoka?"

"Ndipo chinali chopendekera."

A Chizula anamwetulira. Anali ndi mano onse, oyera ndi ofanana, chinthu chimene a Mlembi ankachiona ngati kudzionetsera. "Musade nkhawa, akulu. Ndidzawasamala mayiwa. Dzanja langa ndi lofewa, funsani aliyense amene ndinamuzula dzino."

"Amenewo tikawafunsa bwanji, poti amatuluka kwanu pakamwa patadzaza thonje?" anatero mayiwo.

Onse anaseka. Mayiwo anaseka mpaka kupendekera m'mbuyo, dzanja lili pachifuwa. A Mlembi anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene iwo anawaseketsa chonchi, koma sanalipeze.

"Nanga ine?" anafunsa.

"Inu mukatsala pa nyumba ya alendo ya padoko paja, muzikasunga katundu," anatero mlamu. "Mwakwezedwa udindo, mlamu. Ombani m'manja, anthuni."

A Mlembi analemba m'kope mwawo ndi dzanja lamanzere, zilembo zikukhotakhota ngati za mwana: Bwato lachiwiri, mayi kutsogolo, a Chizula kumbuyo. Pa dzina lomalizalo cholembera chinaboola pepala.

Masiku otsatira anapatsa a Mlembi zambiri zoti aone. Lolemba mayiwo anatulutsa chipewa chawo chakale n'kusokerera chingwe chatsopano. Lachiwiri anawapeza pakhonde atakhala pa mpando, akupalasa mpweya ndi tsache kuti manja azolowere. "Kodi a Chizula amakonda kupalasira mbali iti?" anafunsa mayiwo osatembenuka. A Mlembi anayankha kuti sanakhalepo ndi chidwi choyang'ana.

Lachitatu anapita ku ofesi ya sitima kukagula matikiti. Chinali chipinda chopapatiza chonunkha dizilo ndi penti, chokhala ndi benchi imodzi ndi zenera la zitsulo. Mayi wogulitsa matikiti ankawadziwa.

"Asanu ndi limodzi monga mwa masiku onse, bambo?"

"Chaka chino asanu."

Pa khoma panali pepala lachikasu. Linali chenjezo la mphepo yamphamvu kwa oyenda panyanja, kuyambira Lachinayi mpaka Lachisanu m'mawa.

"Limenelo musalilabadire," anatero mayiyo ataona kuti ayamba kuvala magalasi. "Pofika Loweruka nyanja idzakhala itagona tulo."

Koma a Mlembi anali atakumbukira kale lamulo lachisanu ndi chiwiri, limene analemba okha zaka zapitazo mafunde atawaopseza: Mlembi akaona chenjezo la mphepo, ulendo uthe, ndipo pasakhale kutsutsana. Lamulolo silinatchule kuti chenjezo la tsiku liti. Munthu amene anatha moyo wake akufufuza malire amaona msanga pamene mpanda uli ndi mpata. Anabweza magalasi m'thumba, nauza mayi uja kuti abweranso.

Ali panja, pa mthunzi wa khoma, anaimbira mwini mabwato kuti asawasungire. Kenaka anaimbira mlamu wawo.

"Kuli chenjezo la mphepo. Ndaliona ndi maso angawa."

"Aa! Ndiye sitima sinyamuka Loweruka?"

Apa ndi pamene a Mlembi akanatha kuima. Zonse zimene anali atanena kufikira pamenepo zinali zoona.

"Sinyamuka," anatero.

Kunyumba anapeza mayi akusita. Anawafotokozera mwadongosolo, kuyambira pepala lachikasu mpaka lamulo lachisanu ndi chiwiri. Mayiwo anawayang'ana kanthawi, simbi ili m'mwamba, kenaka anati, "Chabwino," n'kupitiriza kusita. Tsiku limenelo a Mlembi anadya bwino koyamba chichitikireni msonkhano uja.

Lachinayi mphepo inaombadi. Chitseko cha kukhitchini chinamenyetseka kawiri, ndipo kawiri konse a Mlembi anakweza chala. "Mukumva, mayi?" Akadali m'chisangalalo chimenecho, mlamu wawo anatulukira pakhomo, tsitsi lili nyankhalala.

"Nkhani yabwino, mlamu! A Chizula ali ndi nzeru. Akuti mphepo ili panyanja, koma mtsinje uli pakati pa mitengo. Tipita pamsewu, pa galimoto yawo. Aimbira kale mwini mabwato, awiri alipo."

"Lamulo likuti ulendo uthe."

"Wanuwo wathadi. Uwu ndi wa a Chizula."

"Msewu umenewo ndi wa maola asanu ndi limodzi."

"Ndiye chake inu mutsale. Mabampu ake angakutseguleni phewa. Komanso kagalimotoko mukukadziwa: matenti ndi majekete oyandamitsa atenga mpando umodzi, tikwana anayi basi. Achemwali akhala kutsogolo, paja kumbuyo amachita mseru."

A Mlembi anakhala pansi pang'onopang'ono. Pa sitima akanakhala maola anayi pambali pa akazi awo, phewa labwino litagundana ndi lawo. Sitimayo ndi yokhayo imene inali ndi malo awo, ndipo anaimiza ndi pakamwa pawo.

Lachisanu masana analowa kuchipinda. Chikwama chinali chotsegula pa bedi, mayi akupinda malaya.

"Mukupitadi?"

"Mwandiletsa?"

"Ine sindiletsa munthu."

"Ndiye ndikupita." Anaika malayawo m'chikwama n'kuwasalaza ndi chikhatho. "Zovala zimene ndayanika m'mawa sizikugwedezeka n'komwe, bambo."

"Mphepo ya panyanja sayezera pa chingwe cha zovala."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikukuwerengerani madzi, inu n'kumakhota kumene ndanena. Ngati pali mawu, nenani. Chikwama sindinatseke."

Mawuwo analipo, ndipo sanali ambiri. Koma a Mlembi anali munthu amene sanapepesepo pa ntchito zaka makumi atatu ndi zisanu.

"Musaiwale mafuta othamangitsa udzudzu," anatero a Mlembi.

Mayiwo anakoka zipi.

Loweruka galimoto inaliza hutala nthawi ya sikisi. A Chizula anatsika atavala kabudula wa matumba ambiri, anatsegulira mayi chitseko, nawakankhira mpando m'mbuyo kuti miyendo itambasuke. A Mlembi anaima pa geti mpaka fumbi linatsika. M'mutu mwawo munali mutayamba kale kuwerengetsa. Sitima inkanyamuka seveni ndi kufika leveni. Galimoto ikanafika masana enieni. Akanatha kukafika iwo poyamba. Koma pa doko limenelo munthu wopanda galimoto amafika m'njira imodzi yokha, ndipo njirayo ndi imene iwo ananena kuti kulibe.

Anayenda pa balaza kupita uku ndi uku. Anatsegula kabati, natsekanso. Anaona m'maganizo a Chizula akumangira mayi malamba a jekete, zala zofewa zija zili pafupi ndi khosi. Anatenga chipewa.

"Imodzi?" anafunsa mayi wa matikiti.

"Imodzi."

"Anzanu aja mwawasiya kuti?"

"Ndipatseni tikiti, mayi."

Nyanja inali bata lochititsa manyazi. Ana ankathamanga pa sitima osagwira chitsulo, ndipo mayi wina anaimika kapu ya tiyi pa benchi ulendo wonse, osatayika ndi dontho lomwe. A Mlembi anakhala moyang'ana gombe, akudana ndi mtambo uliwonse umene unakana kubwera.

Sitima ikafika pa doko laling'onolo inkaima mpaka thu koloko. Choncho pamene galimoto ya a Chizula inatulukira, yofiira ndi fumbi, chombocho chinali chili pomwepo, chachikulu ndi choyera, ndipo a Mlembi anali ataima patsogolo pake. Anayiwo anatsika mmodzimmodzi, aliyense atagwira m'chiuno. Mlamu anayang'ana sitima, nayang'ana nyanja, nayang'ana a Mlembi.

"Mlamu, mwachita kuuluzika ndi mphepo ija?"

Mwamuna wake, amene sankalankhula, anaphulika chiseko mpaka anatsamira galimoto. A Chizula sanaseke. Anabwera kudzawagwira dzanja lamanzere mosamala. "Mwachita bwino kubwera, akulu. Popanda inu sukanakhala ulendo." Chifundo chimenechi chinawawawa kuposa chiseko.

Mayi anadikira kuti enawo apite kukatsitsa katundu.

"Chenjezo silinali la Loweruka," anatero a Mlembi, maso ali pa matabwa a doko.

"Ndikudziwa. Ndinaimba ku ofesi Lachinayi m'mawa."

"Osawauza anzanuwa?"

"Ndikanawauza kuti chiyani? Kuti amuna anga apeka mphepo? Ndalolera kuthyoka msana maola asanu ndi limodzi kuti ndikubisireni manyazi, inu mwawanyamula nokha pa sitima kudzawaonetsa anthu." Anawayang'ana bwinobwino. "Mwadya?"

"Musakwere bwato limenelo, mayi."

"Dzulo mukanatero, ndikanamasula chikwama. Lero ndikatsala, munthu woferedwa uja atsala ndi nkhafi m'manja, ndipo aliyense adziwa chifukwa chake. Gwirani ichi. Tibwera mawa madzulo."

Anawapatsa kachikwama ka zovala zosinthira. Mlamu anawonjezera chake. A Chizula anabwera ndi chikwama chachikopa ndi makiyi a galimoto, napepesa kawiri chifukwa chowavutitsa.

Mabwato anakankhidwira m'madzi. Bwato la mlamu linayamba ndi kuzungulira, monga mwa chaka chilichonse, mkazi akukalipa, mwamuna ali chete. A Mlembi sanaliyang'ane. Maso awo anali pa linalo. Anadikira kuti likhotere ku bango, kapena kuti nkhafi zigundane, kapena kuti mayi akweze mawu kudzudzula wakumbuyo. Ankadziwa pamene madzi a mtsinje amakankha bwato cham'mbali, pafupi ndi chipilala chomaliza cha doko. Iwo eni pamenepo ankaphonya chaka ndi chaka. Bwatolo linafika pamenepo, nkhafi ya a Chizula inapendekera pang'ono chabe, ndipo linadutsa mowongoka, osagwedezeka, nkhafi ziwiri zikulowa ndi kutuluka m'madzi nthawi imodzi ngati za anthu amene akhala akupalasa limodzi moyo wawo wonse.

Pa khonde la nyumba ya alendo panali mipando itatu yopanda anthu. A Mlembi anaika chikwama chachikopa cha a Chizula pansi, padzuwa, n'kuchikhalira ndi thupi lonse. Mkati mwake china chake chinalira kuti phwa. Sanadzuke.