Mwana wa Dalaivala pa Tsiku la Chikumbutso

Mayiwa anthu ankangowatchula kuti Atelala, chifukwa makina awo osokera ankalira pakhonde la sitolo tsiku lonse. Mwana wawo mmodzi yekhayo anali mphunzitsi wa masamu kusekondale. Anamwalira atagundidwa ndi lole akuwoloka msewu, ndipo dalaivala wake, amene anali ataledzera, anakalowa kundende.

Aphunzitsi anzake ndi ophunzira ake akale anayambitsa bungwe lomukumbukira. Chaka chilichonse bungwelo linkachititsa mwambo m'holo ya sukulu. Kunkakhala nyimbo ndi mpikisano wa masamu, kenako kulengeza ana anzeru ochokera m'mabanja ovutika amene bungwe liwalipirire fizi mpaka adzamalize. Atelala ndiwo ankaitanidwa kutsogolo kukawagwira chanza anawo.

Chaka china, mwambo uli pafupi, alamu awo anatulukira pakhondepo ali wefuwefu.

"Mlamu, mwangokhala phee mukupalasa makina? Mwana wamkazi wa dalaivala uja amusankhatu! Aziphunzira pa dzina la malemu!"

Atelala anaimitsa makina. "Ndikupita kwa ahedi pompano."

"Kukatani? Akakunyengererani ndi tiyi ndi chizungu chawocho. Kawayalutseni pagulu, adziwe kuti mwana uja sanagwe mumtengo, ali ndi make."

Tsiku la mwambo holo inadzaza. Mtsikanayo ataitanidwa anabwera atawerama, n'kutambasula dzanja. Atelala analikankha.

"Chotsa! Bambo ako anandiphera mwana, ndiye iwe ukufuna kudyerera dzina lake? Manyazi ulibe?"

Mtsikanayo anayang'ana uku ndi uku, kenako anathamangira panja nsapato imodzi itavuka. Mwambo unathera pomwepo. Alendo amene ankathandiza bungwelo ananyamuka mmodzimmodzi, ena akunena kuti sadzabweranso kumalo a ndewu.

Patapita masabata angapo, ahedi, mayi waimvi amene anaphunzitsapo malemuwo ali aang'ono, anafika pakhonde paja. Anakana mpando.

"Mwakondwa tsopano? Mwana uja wasiya sukulu. Anzake akumutchula kuti mwana wa wakupha. Ali kudepoti, akugulitsa madzi pakati pa mabasi."

"Agulitse!" Atelala anakuwa. "Wanga ali pansi pa dothi, sagulitsa ngakhale madziwo! Munandiyesa chitsiru, kundiimika kutsogolo osandiuza!"

"Pamenepo tinalakwa, tinayenera kubwera kwa inu poyamba. Mukanatikalipira ife kuofesi, tikanamva. Koma ndiyankheni: lole ija ankayendetsa ndi mwanayo? Nthawi imeneyo anali kupulayimale, mano akutsogolo asanamere bwino. Nayenso tsiku lomwelo anataya bambo, nyumba ndi ulemu. Mayeso a bungwe anakhoza yekha, kuposa onse."

"Kulibe ana ena osauka?"

"Alipo, ndipo amene ankawathandiza mwawathamangitsa ndi pakamwa panu. Mwana wanu ndinamuphunzitsa ine, ndipo ndagwira naye ntchito. Sanafunsepo wophunzira pakhomo la kalasi kuti bambo ako anachita chiyani. Bungwe limeneli tinalikhazikitsa kuti ntchito yake ipitirire, osati kuti likhale chibonga chanu." Ahedi anatembenuka n'kumapita osatsanzika.

Atelala anatsala akupuma mwaphuma. Anayesa kusoka, singano inathyoka. Anakwiyira ahedi, anakwiyira alamu, anakwiyira dalaivala, ndipo chimene chinawawawa koposa n'chakuti ahediwo ananena zoona. Masana omwewo anavundikira makina ndi nsalu n'kulunjika kudepoti.

Anamupeza mtsikanayo akuthamangira basi imene inali ikubwerera m'mbuyo, ndowa ili pamutu, kondakitala akumunyogodola. Tayala linamuphonya pang'onong'ono. Atelala anamugwira mkono n'kumukokera pambali mwamphamvu, madzi n'kukhutukira pansi.

"Ukufuna ufere pamsewu nawenso? Maliro a pamsewu sanakwane?"

Mtsikanayo atawazindikira anayamba kulira. "Amayi, pepani, ine sindinapemphe..."

"Usandipepese, sunandilakwire. Bambo ako sindinawakhululukire, ndipo usayembekeze kuti ndidzakusekerera. Koma mwana wanga sanafere kuti iwe uzithamangitsana ndi mabasi. Mawa m'kalasi. Amene akutchule dzina lija adzandiona."

M'mawa mwake Atelala anamuperekeza okha mpaka pakhomo la kalasi, nkhope ili gwa. Kenako analowa mu ofesi ya ahedi osagogoda.

"Alendo anu aja amakhala kuti? Ndinawathamangitsa ndine, ndikawaitananso ndekha."

Phunziro: Mlandu wa kholo sulipidwa ndi mwana. Thandizo loperekedwa pokumbukira womwalira lipite kwa amene akulifunikira, ndipo amene ali ndi dandaulo akalinene kwa oyendetsa bungwe asanapweteke wosalakwa.